Maso a Lute, Onse Awiri

Lachiwiri lapitali ndinakwera boti kupita ku chilumba cha Mbenji, ine amene madzi ndimawakonda akakhala m'kapu. Sindinapite kukagula utaka ayi. Ndinatumidwa kukatenga mawu kwa alamu anga, a Jailosi, pa nkhani ya maso a mwana.

Mwanayo ndi Lute, wa chaka ndi miyezi ingapo, mwana wa Esinati, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba kwanga. Anabadwa ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ambirife timati ng'ala ndi matenda a nkhalamba, ndipo inenso ndinkaganiza choncho. Koma mukamuyang'ana Lute pakati penipeni pa diso, pamene pamayenera kuda, m'poyera ngati diso la chambo chophika. Maso akewo sakhazikika, amangoyendayenda. Amake amawazindikira pa mawu. Mukamukhazika m'nyumba amatembenukira kukhomo kumene kukuchokera kuwala, ndipo kuona kwake kumathera pomwepo.

Chiyambireni kukwawa, Esinati akamayanika nsomba pathandala amamumanga mwanayo ndi chitenje m'chiuno, mbali ina n'kuimanga kumwendo kwake. Anayamba kutero Lute atakwawira pambaula ya moto.

Zonse zimene timachita kuno zinachitika. Anamudonthezera mkaka wa m'mawere. Anamufinyira masamba amene dzina lake amalitchula monong'ona. Abusa anapemphera, nawo a shehe oyandikana nafe anachita dua yawo mwaulere. Ng'ala ili phee.

Pomaliza a chipatala cha paboma anawatumiza ku Lilongwe. Kumeneko dokotala wa maso anamuunika mwana n'kunena kuti ng'alayo ikhoza kuchotsedwa, ndipo abwere naye Lachinayi kuti opaleshoni ichitike Lachisanu. Anawonjezera kuti akufuna kuchita maso onse awiri tsiku limodzi, atamugoneka kamodzi kokha.

Faniwelo, bambo wa mwanayo, telala wa pakhonde la sitolo ku Senga Bay, anavomera pomwepo. Esinati ndiye anabisa chala chake chodindira m'chitenje.

"Achimwene sanamve," anatero.

Inu a m'tauni mwina munaiwala, ndiye ndikukumbutseni. Kwathu kuno bambo amabereka, amaveka, amagula sopo, koma mwini mbumba ndi malume. Mwana akati achitidwe chinthu chachikulu, makamaka cha mpeni, mawu omaliza amachokera kwa mlongo wake wa mayi. Tsono mlongo wake wa Esinati, a Jailosi aja, anali ku Mbenji ndi ukonde wake wa chilimira, ndipo ku Mbenji mkazi sapondako. Lamulo limenelo si la dzulo, ndipo palibe amene amalitsutsa. Faniwelo naye sakanapita, chifukwa bambo kukadzipemphera yekha za mwana wake kumaoneka ngati akufuna kulanda mbumba ya eni.

Anatsala ndani? Mkamwini wamkulu wa pamudzi, amene sukulu yake yatsekera ndipo akungokhala. Ife akamwini ntchito zathu ndi ziwiri, kufolera madenga ndi kutumidwa.

Za ulendo wa panyanja sindinena zambiri. Mwera unali ukuwomba, ndipo tiyi amene ndinamwa padoko ku Chikombe ndinamusiya panjira. Asodzi anandiseka mpaka kukafika.

A Jailosi ndinawapeza atakhala pamwala akusoka ukonde. Ndi munthu wofatsa, wosalankhulitsa, amene alongo ake sanagonepo ndi njala iye ali moyo. Ndikunena izi kuti musawaone ngati munthu wouma mtima, chifukwa sali choncho. Titalonjerana ndinawafotokozera zonse monga mmene Faniwelo anandiuzira, osachotsa, osawonjezera.

Ndinati dokotala wapereka zifukwa zake. Mankhwala ogonetsa ndi oopsa kwa mwana wamng'ono chonchi, ndiye kuli bwino kumugoneka kamodzi kusiyana ndi kawiri. Komanso diso la mwana silili ngati la munthu wamkulu. Limachita kuphunzira kuona, monga mmene mwendo umaphunzirira kuyenda. Mukatsegula limodzi n'kusiya linalo, lotsegulidwalo limatenga ntchito yonse, linzakelo n'kufooka, moti ngakhale mudzalitsegule pambuyo pake silipindulanso kwenikweni. Ndinanenanso chimene dokotala ananena mosapsatira, kuti makolo ambiri amene amauzidwa kuti adzabwerenso ndi diso lachiwiri sabwerera.

"Nanga choopsa chake sananene?" anafunsa a Jailosi, maso ali paukonde.

"Ananena. Akuti nthawi zina bala limagwira mafinya, ndipo zikatero diso limatha kuwonongekeratu. Akuti sizichitikachitika. Ndiponso akamaliza diso loyamba amasamba m'manja kachiwiri, kusintha zovala, kutenga zipangizo zina, ngati kuti wabwera ndi mwana wina."

"Koma zimachitika."

"Zimachitika."

Anasiya kusoka.

"Aphunzitsi, munayamba mwandionapo ine ndi mng'ono wanga Witinesi tili m'boti imodzi?"

Ndinaganiza n'kupeza kuti sindinawaonepo.

"Ndipo simudzationa. Amalume athu awiri anapita tsiku limodzi, bwato limodzi, mwera womwewu. Mbumba inatsala yopanda mwini. Chiyambire pamenepo kwathu ana a mimba imodzi sakwerera limodzi. Nyanja ikalusa itenge mmodzi, wina atsale. Tsono inu mukuti maso onse awiri a mwana tiwakweze bwato limodzi? Dzanja la dokotala likaterereka, titsala ndi chiyani? Panopa kuwala amakuonako pang'ono. Kauzeni mlongo wanga kuti achite limodzi. Tione mmene lipolere. Linalo tidzapita nalo kuno akatseka usodzi."

Anandiuzanso kuti ndiwaperekeze ku Lilongwe, ndikakhale mboni kuti mawu awo atsatidwa. Anandipatsa utaka wouma kuti Esinati akadyere kuchipatala, ndipo potsanzikana ndinaona kuti misozi ili lengelenge m'maso mwawo.

Kodi inu mukanawayankha chiyani? Mantha awo anali ndi mutu, ndipo dokotala yemwe sanakane kuti choopsacho chilipo.

Yankho linandibwerera ndili m'boti pobwerera, monga mmene mayankho abwino amachitira, kubwera mlandu utatha. Ndikanawafunsa kuti: alamu, tsiku limene mwakokola utaka wodzaza boti, kodi mumayanika theka, theka linalo n'kulisunga laliwisi kuti muone kaye mmene loyambalo liumire? Msodzi aliyense amadziwa kuti pali zinthu zosungika ndi zinthu zosasungika. Kungoti pa maso a mwana sitinaphunzire kuti ali mbali iti.

Ife anthu a kuno kusunga timakudziwa, ndipo anatiphunzitsa ndi njala. Mbewu sitidzala yonse pa mvula yoyamba. Nkhokwe sititsegula zonse nthawi imodzi. Nzeru imeneyi yatipulumutsa kambirimbiri, ndipo amene amaiseka sanagonepo ndi njala. Vuto ndi lakuti timaitengera ngakhale kumene siigwira ntchito.

Pitani m'nyumba khumi za m'mudzi mwanu, pisani dzanja kudenga. Mupezako timapepala ta mapiritsi amene a chipatala anati amwedwe onse. Munthu anamwa masiku atatu, thupi linapepuka, otsalawo anasunga kuti adzathandize tsiku lina. Chifuwa chikabwerera amati mankhwala a masiku ano ndi opanda mphamvu. Katemera wa ana naye chimodzimodzi. Woyamba timapita mwamsanga, mwana atavala malaya ake abwino. Wachiwiri timati tidzapita.

Mawu akuti "tidzapita" ndiwo ndikufuna tiwayang'anitsitse. A Jailosi anati linalo tidzapita nalo ku Mbenji akatseka, ndipo ananena ndi mtima woona. Koma ku Mbenji amatseka liti? Mvula ikayamba. Nthawi imeneyo aliyense ali kumunda, mitsinje yadzaza, basi ikutitimira m'matope, ndipo msodzi alibe nsomba yogulitsa. Ndiye timati tidikire tikolole. Tikakolola, ku Mbenji atsegula, amalume abwerera kunyanja. Pakati apo pagwa maliro, pabwera ukwati, wina wadwala malungo. Palibe amene wakana, palibe amene waiwala. Mwana akungokula.

Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo n'zoona, mukhoza kuusiya chaka chino n'kudzauzenga chaka cha mawa. Agogo amene anachotsedwa ng'ala diso limodzi akhozanso kudikira, chifukwa diso lawo linaonapo kale, njira likuidziwa. Koma diso limene silinaonepo nkhope ya mayi ake chibadwire, mwezi uliwonse umene ukudutsa likutaya kanthu kamene silidzakapezanso. M'mera m'poyamba.

Palinso nkhani ya ife amalume, ndipo pano ndikudzinena ndemwe, chifukwa kwathu ku Dowa inenso ndine mwini mbumba. Mwambo umenewu ndimaukonda. Bambo akhoza kuthawa, akhoza kupita ku Joni osabwerako, akhoza kukwatira kwina, koma malume sasudzulidwa. Mwana amene ali ndi malume sakhala wamasiye kwenikweni. Mlongo wanga atati amupititse mwana ku mpeni ine osandiuza, zikhoza kundipweteka kwambiri.

Koma tiyeni tinene zoona. Mwambowu unakhazikitsidwa pamene malume ankakhala kuseri kwa nyumba ya mlongo wake. Mwana akalira usiku ankamumva. Lero malume ali ku Mbenji, ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ali pa ntchito ku Blantyre, kapena akuphunzitsa ku Salima ngati ine. Uthenga umatipeza tili kutali, wodutsa m'kamwa mwa anthu awiri kapena atatu, ndipo timaweruza za mwana amene tinamuona komaliza ali wakhanda. Timayankha mosamala, chifukwa kusamala ndiyo ntchito yathu. Tikatha kuyankha timabwerera ku zathu, ndipo amene amasenza yankholo tsiku ndi tsiku ndi wina.

Lachitatu ndinafika kumudzi n'kupereka mawu monga ndinawalandirira. Esinati anamvetsera, Lute ali kumsana. Anangoti, "Ndamva, alamu," n'kukayamba kuchapa matewera a ulendo.

Lachinayi tinalawirira kudepoti, aliyense khadi lake la chipani lili pafupi, poti anyamata a pageti safuna nkhani zambiri. Tinafika ku Lilongwe dzuwa lili paliwombo. Ku wodi ya ana tinapeza namwino wachikulire, wolankhula mwachidule, amene anafunsa ngati banja lagwirizana.

Ndinaimirira monga mboni n'kunena kuti eni mbumba alola diso limodzi.

Namwinoyo sanadabwe. Zikuoneka kuti mawu amenewa amawamva kawirikawiri. Anati dokotala sakakamiza munthu, ndipo ngati banja lati limodzi achita limodzi. Kenaka anafunsa kuti ayambe ndi diso liti, poti ng'ala ya maso onsewo ndi yofanana.

Esinati anatembenukira kwa ine.

"Alamu, achimwene anati liti?"

"Sananene."

"Simunawafunse?"

"Sindinawafunse."

Anamasula mwana kumsana n'kumukhazika pamiyendo. Anamugwira kumasaya ndi manja onse awiri, n'kumuyang'ana nthawi yaitali, diso ili, kenaka ilo. Lute anali akuseka, akufufuza pakamwa pa amake ndi tizala take. Faniwelo anangozyolika. Namwino anadikira, osatifulumiza.

"Achimwene sindikuwanena," anatero Esinati potsiriza. "Achita mantha chifukwa mwanayu amamukonda. Koma iwo anena limodzi ali kuchilumba, kusankha n'kundisiyira ine. Ndiloze ndi chala changa kuti iwe penya, iwe khala mumdima? Onsewa ndinabereka tsiku limodzi. Ine sindingathe, amayi. Achite onse."

Namwino anamufunsa kawiri ngati wamvetsa choopsa chake. Anati wamvetsa. Anadinda chala, Faniwelo anasaina pambali pake. Mboni ya eni mbumba inali chiimire pomwepo, ndipo sinatsegule pakamwa. Mkamwini asamakule mwendo, paja amatero. Koma ndinene poyera kuti mumtima mwanga ndinali kumbali ya Esinati, ndipo mpaka lero ndili komweko.

Opaleshoni inachitika Lachisanu m'mawa. Anamubweretsa atamumata maso onse awiri, manja atawakulunga kuti asadzikande. Loweruka anamatula. Maso anali ofiira, otupa, ndipo mwana analira mpaka mawu kusasa. Koma pakati paja, pamene panali poyera, panali pakuda ngati pa mwana wina aliyense. Namwino anayendetsa tochi pang'onopang'ono, ndipo maso onse awiri anayesa kuitsatira, mozengereza, mosadziwa bwino ntchito yake.

Musayembekezere kuti ndikuuzani kuti anaona amake n'kuwathamangira. Sizinatero. Dokotala anati nthawi yosangalala sinakwane. Mwana adzafunika magalasi okhuthala omangirira kumutu, chifukwa chimene achotsa m'disomo chiyenera kulowedwa m'malo ndi galasi. Pali mankhwala odontheza kangapo patsiku. Pali kumuteteza ku fumbi, ku mchenga ndi ku ntchentche, ndipo amene anafikapo pamalo oyanikira nsomba akudziwa kuti ntchentche za kumeneko n'zochuluka bwanji. Palinso maulendo ena a ku Lilongwe okaonetsa, ndiye "tidzapita" uja sanathe nafe. Za mafinya anati masiku oyambirira ano ndiwo oopsa.

Ndinawasiya ali m'chipatala. Pamene ndikulemba pano sindikudziwa kuti zitha bwanji, ndipo Esinati sakugona.

Sakugona chifukwa akudziwa mudzi wathu monga mmene ndikuudziwira ine. Maso akapola bwino, anthu adzati a Jailosi anachita bwino kulola mwana kupita kuchipatala, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Koma mafinya akabwera, palibe amene adzakumbuke zifukwa za dokotala. Adzati mkazi uja anachititsa khungu mwana wake chifukwa chosamvera mlongo wake, ndipo mawu amenewo adzamutsata mpaka kumanda. Iye ankadziwa zimenezi pamene ankadinda chala. Anasankha kuti ngati pali mlandu ugwere iye, kusiyana n'kuti ugwere diso limodzi la mwana wake.

Sindikuti mwana aliyense wa ng'ala achitidwe maso onse tsiku limodzi. Zimenezo amadziwa ndi madokotala, ndipo ndamva kuti nawonso amayeza mwana ndi mwana, nthawi zina n'kusankha kuchita limodzi kaye. Sindikutinso alongo athu aleke kutifunsa. Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Mukaona choyera m'diso la khanda, musayambe ndi masamba, thamangirani kuchipatala mwezi womwewo. Ndipo dokotala akanena zovuta kumeza, amene ali ndi mawu omaliza akhale pomwepo, amve ndi makutu ake, afunse mafunso ake, osatuma mphunzitsi wosanza m'boti.

Amalume anzanga, tsiku lina uthenga wonga uwu udzakupezani muli kutali, ndipo pakamwa padzafuna kunena kuti limodzi kaye, tione. Musanayankhe, siyani ukonde, siyani khasu, pemphani tchuthi ku ntchito. Bwerani mudzamunyamule mwanayo, mumukhazike pamiyendo panu, mumugwire kumasaya monga anachitira amake.

Mukatero lozani ndi chala chanu diso limene mwati lidikire. Mungaloze liti?